Thandizo la Boma Sichifukwa Chodulira Malipiro

Pali mau amene akumveka pakati pa ena olemba anzawo ntchito ku Kameza, Machinjiri ndi Chilomoni, onena kuti ndalama zimene Boma limapereka kwa osauka zikulimbikitsa ulesi ndi kubereka mosaganiza. Tikupempha atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma kuti asawameze osatafuna.

Mauwa ngakale. M'chaka cha 1798 mbusa wa ku Mangalande, Thomas Malthus, adalemba kuti anthu amachuluka mofulumira kuposa chakudya, ndipo kuti kuthandiza amphawi nkungowonjezera njala. David Ricardo adagwirizana naye m'chaka cha 1817. Zotsatira zake zidali lamulo lankhanza la 1834, lotsekera amphawi m'nyumba zogwiriramo ntchito, mwamuna kwina, mkazi kwina.

Nzoona kuti tachuluka. Kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo minda siikula. Komatu Mtukula Pakhomo adayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo ana obadwa kwa mai mmodzi adatsika kuchoka pa 5.7 m'chaka cha 2010 kufika pa 4.4 pofika 2016. Ku Zomba, kafukufuku wa 2008 ndi 2009 adapeza kuti atsikana olandira ndalama mwezi ndi mwezi adachedwa kukwatiwa ndi kutenga pakati. A Malthus akadadabwa.

Choopsa chenicheni chili pena. Ku Speenhamland m'chaka cha 1795 akuluakulu adagamula zoonjezera ndalama pa malipiro a antchito osauka molingana ndi mtengo wa buledi, ndipo pambuyo pake padabuka dandaulo lakuti eni minda akudula malipiro dala, podziwa kuti msonkho wa anthu ukwaniritsa chotsalacho. Mtima umenewo ulipo ndi kuno. M'chaka cha 2021, nthawi ya Covid-19, mabanja ovutika a m'mizinda, kuphatikizapo Blantyre, adalandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu, pamene malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi lamulo adali K50,000. Ndalama zotere nzogulira ufa pa nthawi ya tsoka. Bwana amene auza mlonda wake kuti "paja walandira za Boma" nampatsa theka la malipiro akuba thukuta la mlondayo, akubanso msonkho wa ife tonse.

Tsono akuluakulu oona za ntchito m'boma la Blantyre asadikire madandaulo m'maofesi. Mlonda woopa kuchotsedwa sapita kukasuma. Apite okha kumene kukumangidwa nyumba ku Kameza ndi Machinjiri, akaone mabuku a malipiro ndi kufunsa antchito abwana awo palibe.