Mayina a omwalira m'minda ya ku California

Mwezi wa October ukamatha, m'tinyumba ta lendi ta ku Fresno, Oxnard ndi Salinas, m'chigawo cha California ku America, mumayamba kumveka fungo la maluwa achikasu otchedwa cempasúchil. Okhalamo ndi anthu a ku Mexico amene amathyola mphesa, sitiroberi ndi ndiwo zamasamba m'minda ya eni ake, ndipo ambiri ndi a mitundu ya Mixtec, Zapotec ndi Triqui ya ku Oaxaca. Pa 1 November amakumbukira ana amene adatisiya, pa 2 November akuluakulu. Amayala nsalu patebulo ndi kuikapo zithunzi za malemuwo, makandulo, kapu ya madzi, mchere, buledi ndi chakudya chimene womwalirayo ankachikonda.

Kwawo mwambowu umafika mpaka kumanda, kumene amalambula, kuyala maluwa ndi kuchezera usiku. Koma munthu wokhala ku America popanda zikalata akatuluka, kubwerera nkovuta. Mayi wake amamwalira ku Oaxaca, iye nkungomva pafoni ali pamzere wa mphesa. Kwa munthu wotere, katebulo kaja ndiye manda okhawo amene angathe kufikako. Ife amene tili ndi abale ku Joni sitifunika womasulira pa nkhani imeneyi.

Mkhristu ali ndi funso, ndipo sitilizemba. Ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti mizimu imabwera usikuwo kudzalawa zakudyazo, pamene Deuteronomo 18 imaletsa kufunsira kwa akufa. Mipingo yathu imasiyananso pa za kupempherera omwalira, ngakhale kuti tsiku la 2 November lidakhazikitsidwa m'nyumba za amonke ndi Odilo wa ku Cluny zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Komabe tisathamangire kuweruza. Yosefe, mlendo amene adalowa ku Ejipito ngati kapolo, adalumbiritsa abale ake kuti asadzasiye mafupa ake kuchilendo, ndipo Mose adawanyamula potuluka. Malemba sachiyesa chinthu chachabe.

Chimene chimachitika mayina akatayika chidaoneka pa 28 January 1948. Ndege yobweza antchito a m'minda kumalire a Mexico idagwa pa Los Gatos, kufupi ndi Coalinga, ndipo anthu onse 32 adafera pomwepo. Nkhani imene idafalikira dziko lonse idatchula mayina a Aamerika anayi okha. Enawo idangowatcha othamangitsidwa. Anthu 28 aja adaikidwa m'dzenje limodzi kumanda a Holy Cross ku Fresno, ndipo mwala wa pamandapo udalibe dzina ngakhale limodzi. Anali ofunika pamene ankakolola, atafa adasanduka chiwerengero. Tikuti limeneli ndi tchimo loposa kuika buledi pambali pa chithunzi cha agogo.

Padapita zaka 65. Mlembi wina, Tim Z. Hernandez, mdzukulu wa antchito a m'minda, adafufuza mayinawo mothandizana ndi dayosizi ya Fresno, ndipo anthu adasonkha ndalama. Mu September 2013 adakhazika mwala watsopano wokhala ndi mayina onse, kudachitika Misa, ndipo ena mwa achibale awo adaimirira pamandapo nkumva dzina lililonse likutchulidwa mokweza.