Masitampa osiyidwa ndi malemu: agulitsidwe kapena asungidwe?

Maliro akatha m'malokeshoni a mzinda wa Harare monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, limafika tsiku logawa katundu wa malemu. Eni nthaka amautcha mwambowu kugova nhumbi, ndipo mabanja ambiri a anthu ochokera ku Malawi, amene akhala m'malokeshoniwa kwa mibadwo itatu kapena inayi, amautsatanso. Jekete, njinga ndi wailesi sizivuta kugawa. Chimene chimaimitsa mitu ya anamfedwa ndi chimene chimatuluka pansi penipeni pa thiranki: buku la masitampa akale kapena mtolo wa maenvulopu womangidwa ndi chingwe. Ena amati ndi zinyalala zoyatsira mbaula, pomwe ena amanong'onezana kuti malemu asiya chuma chogulira nyumba. Danga lino mwezi uno likuunika nkhani imeneyi, pakuti maganizo awiri onsewo akhoza kulitayitsa banja chinthu chofunika.

Kuti masitampawa apezeke m'nyumba za anthu wamba pali mbiri yake. M'zaka za utsamunda, amuna ambirimbiri a ku Nyasaland adapita ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito. Ena adayenda pansi kudzera ku Tete, ena adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ndi bungwe la Mthandizi. Mumzinda wa Salisbury, umene udasinthidwa dzina kukhala Harare mu 1982, ambiri adagwira ntchito zophika, za m'mahotela, za umesenjala, zosoka ndi za khonsolo. Amene sadabwerere kwawo adatchedwa machona, ndipo mbiri yawo adailemba Zoe Groves m'buku lake la mu 2020. Kwa anthu amenewa positi ndiyo idali chingwe chowalumikiza ndi kumudzi. Uthenga wa maliro, wa ukwati, wa njala ndi wa msonkho unkabwera m'kalata. Ena adangosunga makalatawo momwe adabwerera, ena adapatsidwa mabuku a masitampa ndi mabwana awo pochoka m'dzikomo, ndipo ana awo ena adayamba kutolera masitampa ali pasukulu.

Choonadi choyamba chimene banja liyenera kuchilandira ndi chowawa pang'ono. Masitampa ambiri opezeka m'mathiranki alibe mtengo waukulu. Sitampa sikwera mtengo chifukwa cha ukalamba wake ayi, koma chifukwa cha kusowa kwake, maonekedwe ake ndi kuchuluka kwa anthu oifuna. Ngakhale sitampa yoyamba padziko lonse, Penny Black ya ku Britain ya mu 1840, si yosowa kwenikweni, popeza idasindikizidwa yoposa 68 miliyoni. Chimodzimodzi masitampa a tsiku ndi tsiku a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, a nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda oyambira mu 1964, kapena oyamba a dziko la Zimbabwe a pa 18 April 1980. Onsewa adasindikizidwa ochuluka ndipo ogulitsa masitampa ali nawo kale milumilu.

Nkhani imene imasokoneza anthu ndi ya sitampa ya ku British Guiana ya mu 1856, imene padziko lonse idatsala imodzi yokha. Mnyamata wa zaka 12 adaipeza m'makalata a m'banja mwawo mu 1873 ndipo adaigulitsa mashiling'i 6. Mu 2014 idagulidwa pa mtengo wa pafupifupi madola a ku America 9.5 miliyoni, koma mu 2021 idapita pa madola 8.3 miliyoni. Kampani ya ku London imene idaigula ulendo wachiwiriwo, Stanley Gibbons, idalowa m'mavuto aakulu a zachuma kumapeto kwa 2023. Phunziro lake lili pawiri. Wogulitsa mothamanga akhoza kulira, komanso mitengo ya masitampa imatha kutsika ngakhale kwa akatswiri. Ndi bwinonso kudziwa kuti mtengo wolembedwa m'mabuku a mitengo ya masitampa ndi wa sitampa yopanda chilema imene ili m'sitolo. Wamalonda pogula kwa munthu wamba amapereka kagawo kochepa chabe ka mtengowo.

Izi sizikutanthauza kuti m'thiranki simungapezeke kanthu. Pali masitampa a m'chigawo chino amene akatswiri amawafunafuna. Oyamba a dziko limene lero ndi Malawi adatuluka mu 1891, ndipo adali a British South Africa Company odindidwa zilembo za B.C.A. Mu 1898 masitampa a ndalama ya peni imodzi atasowa, boma la ku Zomba lidapanga ongogwirizira pogwiritsa ntchito chidindo cha macheke, ndipo ochepa amene chidindocho chidazondoka ndi osowa kwambiri. Ku Rhodesia kuli masitampa a mu 1910 okhala ndi nkhope ziwiri, ya Mfumu George V ndi ya Mfumukazi Mary, amene amasiyana mitengo malinga ndi mtundu wa utoto ndi kuchuluka kwa mano a m'mphepete. Palinso maenvulopu a nthawi imene Ian Smith adalengeza ufulu wosavomerezeka pa 11 November 1965. Dziko la Britain lidakana masitampa ena a boma limenelo, kotero wolandira kalata ankalipiritsidwa ngati kuti kalatayo idalibe sitampa. Envulopu yokhala ndi zizindikiro za chindapusa chotere ili ndi oifuna. Ngakhale zaka za kukwera koopsa kwa mitengo, kumene kudafika pachimake mu 2008, zidasiya mbiri yake papositi: bungwe la Zimpost lidatulutsa masitampa okhala ndi zilembo Z, A, E ndi R m'malo mwa mtengo, kuimira Zimbabwe, Africa, Ulaya ndi maiko ena onse, chifukwa mtengo wolembedwa unkatha mphamvu sitampa isanafike pakauntala.

Kusiyanitsa sitampa yosowa ndi inzake yofanana nayo si ntchito ya maso wamba. Kusiyanako kumakhala m'chizindikiro chobisika m'pepala, m'kawerengedwe ka mano, ngakhalenso m'chidindo. Mwachitsanzo, sitampa ya mtengo waukulu imene idagwira ntchito pa chikalata cha msonkho imatsika kwambiri poyerekeza ndi inzake imene idayenda pa katundu wa papositi. Apa mpamene mwambi uja wakuti safunsa adadya phula umagwira ntchito.

Komabe kwa mabanja a machona, chuma chenicheni nthawi zambiri si sitampa koma envulopu. Chidindo cha positi ofesi chimatchula malo ndi tsiku limene kalata idanyamuka, ndipo kuseri kwa envulopu kawirikawiri kumakhala dzina la wolemba, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Zidzukulu zambiri za ku Mbare ndi Epworth zimangodziwa kuti agogo adachokera ku Malawi, koma mudzi wake sizikuudziwa. Envulopu imodzi ikhoza kuyankha funso limene lakhala likuvutitsa banja kwa zaka makumi asanu. Chofunika ndi kudziwa kuti mayina ena adasintha: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Kota Kota ndi Nkhotakota, ndipo Cholo ndi Thyolo.

Nkhani ya kumene munthu adachokera si yachibwana ku Zimbabwe. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudachititsa kuti ana ambiri a anthu obwera, ngakhale obadwira m'dzikomo, ayesedwe alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, m'gawo 43, adazindikira ngati nzika munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, bola ngati iyeyo ankakhala m'dzikomo. Ngakhale zili choncho, lipoti la Amnesty International la mu 2021 lidaonetsa kuti ambiri adali kuvutikabe kupeza ziphaso. Kalata yakale siilowa m'malo mwa chiphaso cha kubadwa, koma ikhoza kulozera banja kwa abale ndi mafumu amene angachitire umboni. Choncho munthu wong'amba sitampa pa envulopu n'kutaya chotsalacho watola khoko n'kusiya mtedza.

Banja lisanaganize zogulitsa, liyenera kukumbukira kuti masitampa ndi gawo la chuma cha masiye monga katundu wina aliyense. Ku Zimbabwe chuma cha malemu chimalembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court kapena kubwalo la majisitireti, ndipo pamasankhidwa munthu wochiyang'anira. Kusintha kwa malamulo kwa mu 1997 kudapatsa mkazi kapena mwamuna wotsala ufulu pa nyumba imene ankakhalamo pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo. Malume kapena mwana wamkulu amene angatenge bukulo mwakachetechete n'kukaligulitsa m'tauni akhoza kuutsa mlandu ndi udani woposa ndalama zimene wapeza. Mutu umodzi susenza denga. Amayi otsala, ana ndi eni mbumba akhale pansi, aone zonse pamodzi, awerenge masamba ndi maenvulopu, awajambule ndi foni, kenaka agwirizane za munthu wosunga.

Kasungidwe kake n'kosavuta, koma zolakwa zake sizikonzeka. Masitampa asamatulidwe pa maenvulopu kapena m'buku, asanyikidwe m'madzi, ndipo asamatidwe ndi guluu kapena selotepi. Adani ake ndi chinyezi, dzuwa, mphemvu, chiswe ndi manja a thukuta. M'nyumba zodontha nthawi ya dzinja, buku lisakhale pansi kapena kutsamira khoma. Likhale choimirira pamalo ouma, osaunjikidwa ndi katundu wolemera, chifukwa masitampa osagwiritsidwa ntchito amamatirira kumasamba akapanikizika pachinyezi. Bukulo lisagawidwenso tsamba ndi tsamba ngati malaya, pakuti mndandanda wathunthu ukamwazika mtengo wake umagwa.

Pofuna kudziwa mtengo, banja lifunse anthu osachepera awiri, ndipo woyamba akhale munthu amene sakufuna kugula. Ofesi ya masitampa ya Zimpost mu Harare ikhoza kuthandiza kuzindikira masitampa a Zimbabwe, ndipo bungwe la Rhodesian Study Circle, limene lidayamba mu 1948, limafufuza mbiri ya positi ya Zimbabwe, Zambia ndi Malawi ndipo zambiri lidaziika pa intaneti. Wogula amene akukakamiza kuti malonda atheke lero lomwe, kapena amene akufuna kusankhamo masitampa ochepa okha n'kusiya enawo, ndi wofunika kumuchenjerera. Buku lisachoke m'manja popanda kulemberana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtengo ukadziwika, njira zimakhalapo zitatu. Ngati mwapezeka sitampa ya mtengo weniweni ndipo ana amasiye akusowa fizi kapena mankhwala, kugulitsa si kunyoza malemu, pakuti malemuwo adachoka kwawo kukasaka ndalama zolerera banja lomwelo. Ngati mtengo ndi wochepa, monga zimakhalira nthawi zambiri, ndi chanzeru kupereka bukulo kwa mdzukulu wokonda kuwerenga, popeza m'masamba amenewo muli mbiri yooneka ndi maso: kusintha kwa mayina a maiko, kubwera kwa dola ya Rhodesia mu 1970 ndi kwacha ya Malawi mu 1971. Njira yachitatu ndi kukapereka makalata kumalo osungira mbiri, monga National Archives of Zimbabwe ku Harare kapena National Archives of Malawi ku Zomba. Mbiri ya machona yambiri idalembedwa kuchokera m'mafailo a boma la atsamunda ndi a olemba ntchito, kotero mawu a eni akewo, olembedwa m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ndi osowa. Dziko la Malawi lidalemekeza kale mbiri ya positi posunga kanyumba ka amtengatenga ku Namaka, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kumene onyamula makalata oyenda pansi ankapumulira.

Njira zitatuzi zikhoza kuyendera limodzi. Masitampa oduka kale akhoza kugulitsidwa, buku n'kupita kwa mdzukulu, makalata n'kukhala m'banja kapena kumalo osungira mbiri atajambulidwa kuti mwana aliyense akhale ndi zithunzi zake. Chofunika kupewa ndi kuyamba ndi chinthu chimene sichingabwezedwe, monga kutentha, kung'amba kapena kugulitsa mothamanga. Sitampa yogulitsidwa munthu akhoza kukaipezanso kwa wamalonda, koma kalata ya agogo yotchula mudzi wa kwawo ikapsa palibe sitolo imene ingaibweze.