Zomera Zosowa Zimapindulitsa Zili Pamalo Pake

M'mayiko a ku Ulaya, ku America ndi kum'mawa kwa Asia muli anthu ambiri amene amathera chuma chawo pa zomera zachilendo. Ena amabzala mitengo ya mtundu wa kanjedza ndi mgwalangwa m'nyumba zamagalasi poopa chisanu, ena amasunga m'timiphika zomera zosunga madzi m'masamba ndi m'tsinde, monga imachitira nkhadze. Akapeza tchuthi amakwera ndege kukaona zomerazo kumene zimamera zokha, ndipo ambiri amafika kuno kum'mwera kwa Africa. Chikondi choterechi chadyetsa midzi ina, koma ina chayisiyira maenje okhaokha.

Dera louma la Succulent Karoo, kuzambwe kwa South Africa ndi kum'mwera kwa Namibia, lili ndi mitundu ya zomera yoposa 6,000, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 iliyonse sipezeka kwina kulikonse. Kumeneko kumamera tizomera totchedwa Conophytum, tooneka ngati timiyala tobulungira, ndipo mitundu ina imapezeka pa kaphiri kamodzi kokha. Kuyambira mu 2019 malonda ake anakula kwambiri pa intaneti. Mliri wa COVID-19 utatseketsa malire mu 2020, ogula akunja anayamba kutuma eni dera, kuwatumizira zithunzi pa foni kuti azikakumba. Kuchokera nthawi imeneyo akuluakulu a boma alanda zomera zoposa 1 miliyoni, ndipo mu 2023 dziko la South Africa linaika Conophytum pa mndandanda wa CITES, pangano loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko.

Ndalama zoterezi n'chikomekome cha mkuyu. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi achinyamata osowa ntchito a ku Namaqualand, olandira kangachepe, pamene wogula amakhala phee kutsidya kwa nyanja. Zomera zolandidwazo n'zovuta kuzibwezera kutchire chifukwa malo amene zinazulidwa sadziwika. Kaphiri kakakumbidwa usiku umodzi, mtundu wonse ukhoza kutha.

Mbiri ya chomera chotchedwa Encephalartos woodii ikusonyeza mathero a njira imeneyi. Chomerachi n'cha m'gulu la cycad, lofanana ndi kanjedza m'maonekedwe ngakhale kuti si pachibale. John Medley Wood anachipeza mu 1895 m'nkhalango ya oNgoye ku KwaZulu-Natal, chili phata limodzi lokha, lachimuna. Anthu anatenga mphukira ndi matsinde ake pang'onopang'ono mpaka tsinde lomaliza linachotsedwa mu 1916. Lero chimaoneka m'minda ya zomera monga ya ku Durban ndi ya Kew ku London, koma zonsezo n'zochokera ku phata lomwelo. Chachikazi sichinapezekebe, choncho mbewu palibe.

Pa zilumba za Seychelles anatsata njira ina. Kumeneko kuli coco de mer, mtengo wa m'banja la mgwalangwa umene umamera wokha pa Praslin ndi Curieuse basi. Mbewu yake ndiyo yaikulu kuposa mbewu zonse padziko, imatha kulemera makilogalamu 20, ndipo imatenga zaka 6 kapena 7 kuti ikhwime. Nkhalango ya Vallée de Mai, kumene mitengoyi ili yambiri, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1983. Alendo amalipira pachipata, operekeza alendo ndi eni malo ogona amapeza zawo, ndipo mbewu yogulitsidwa movomerezeka imakhala ndi chizindikiro cha boma. Akuba alipo ndithu, komabe mtengo umodzi ukudyetsa mabanja chaka ndi chaka osazulidwa.

Nkhaniyi ikukhudzanso midzi ya ku Malawi ndi Mozambique, pakuti m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi kutsidya kwa malire mumamera cycad wina, Encephalartos gratus. Mitundu yonse ya Encephalartos ili m'gawo loyamba la CITES, kutanthauza kuti yokumba kutchire n'njoletsedwa kuigulitsa kunja. Alangizi ndi makomiti a zachilengedwe ayenera kuuza anthu zimenezi mlendo asanafike ndi ndalama m'manja. Wofuna kuona chomera aperekezedwe ndi munthu wosankhidwa ndi mudzi, alipire mtengo wogwirizana, ajambule n'kubwerera. Wofuna kukumba afunsidwe chilolezo, ndipo ngati alibe, amfumu ndi a zankhalango adziwitsidwe msanga. Malo enieni pamene pali chomera chosowa si ofalitsa pa Facebook kapena WhatsApp, chifukwa zithunzi zoterezi ndizo zimatsogolera akuba.

Mlimi wofuna kupeza ndalama ndi zomera zokongoletsa ayambe nazale, atakambirana kaye ndi a zankhalango za chilolezo. Kanjedza amamera bwino kuchokera ku njere, ndipo aloe vera amachulukana ndi mphukira, m'dothi lamchenga losasunga madzi. Mahotela, masukulu ndi eni nyumba m'tauni amagula mbande zotere. Cycad amakula mochedwa ndipo njere zake n'zapoizoni, choncho azisungidwa kutali ndi ana. Mbande ya pa nazale imagulitsidwa masana, ndipo chaka chamawa mlimi amafesanso ina.