Si mpira uliwonse woponya

Kwathu ku Kasungu, bambo anga saika tsamba lililonse m'belo. Amakhala m'chigafa kusankha fodya, podziwa kuti ku okushoni ya Chinkhoma belo losakaniza limabwezedwa.

Timu ya basiketibolo ya pakoleji pathu ilibe nzeru imeneyi. Aliyense akangolandira mpira, waponya kale ali kunja kwa mzere wa mamita 6.75, ati ndi Stephen Curry. Komatu Curry amaponya kambirimbiri poyeserera, pomwe ife timakumana kawiri pa sabata. Malamulo amatipatsa masekondi 24, ife timaponya asanu asanakwane.

Nanenso ndili momwemo. Loweruka ndinaphonya wakutali, mnzanga ali yekhayekha pansi pa golo, manja m'mwamba. Tinagonja.

Anzanga, tizipatsirana kaye. Mapointi awiri olowa amaposa atatu ongolakalaka.