LAMULO LA OLUMALA LAFIKA, KOMA MWANA WOCHEDWA KUKULA AKADALI KUSERI KWA NYUMBA

TETE — M'mwezi wa Juni chaka cha 2024 boma linasindikiza lamulo nambala 10/2024, loteteza ndi kupititsa patsogolo ufulu wa anthu olumala. Panali patapita zaka 12 kuchokera m'chaka cha 2012, pamene Moçambique anavomereza pangano la Nações Unidas pa nkhani yomweyi. Mabungwe a olumala amene ali pansi pa FAMOD analimbikira kwa nthawi yaitali kuti lamuloli lituluke m'Nyumba ya Malamulo, ndipo kutuluka kwake ndi chinthu choyenera kuchiyamikira. Koma pakati pa olumala pali gulu limodzi limene lamulo lolembedwa limachedwa kwambiri kulifikira, chifukwa eni ake sangathe kupita okha ku ofesi kukadandaula.

Awa ndi ana amene ulumali wao uli m'kakulidwe: mwana amene wafika zaka zitatu osayankhula, amene khosi lake silinalimbe, amene wakhala zaka zinayi m'kalasi yoyamba osagwira ngakhale chilembo chimodzi. Madokotala ali ndi maina a zimenezi, monga paralisia cerebral, autismo ndi síndrome de Down, ndipo kawiri-kawiri zimadza pamodzi ndi khunyu. Kumudzi dzina limakhala limodzi lokha, loipa: chidzete. Dzinali silibwera lokha. Limabwera ndi mphekesera zakuti bambo wake anakhwimira mwanayo kuti chigayo chiyende bwino kapena kuti mbatata ya kachewere ichuluke m'munda, kapena kuti mai wake analakwira mwambo ali ndi pakati. Banja limene lanenedwa chotere siliturutsa mwana pabwalo. Alendo akabwera, mwana amapititsidwa kuseri.

Nchifukwa chake chiwerengero cha boma pa nkhaniyi chiyenera kuwerengedwa mochenjera. Kalembera wa chaka cha 2017 anapeza anthu olumala pafupi-fupi 727,000 m'dziko lonse, ndiye kuti osakwana atatu pa anthu 100 aliwonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS limati anthu 16 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kusiyana kumeneku sikutanthauza kuti Moçambique ndi dziko la mwai. Wolemba kalembera amaona mwendo woduka ndi bomba la m'nthaka, amaona wakhungu ndi ndodo yake, koma mwana wosayankhula amalembedwa pokha-pokha ngati kholo lafuna kumutchula. Lipoti la OMS ndi UNICEF la chaka cha 2023 linati m'chaka cha 2019 ana ndi achinyamata okwana 317 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matenda amene amadzetsa ulumali wa m'kakulidwe, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti chigawo cha Tete, chokhala ndi anthu oposa 2.5 miliyoni, chinalumphidwa.

Zimene zimadzetsa ulumaliwu nzodziwika, ndipo zambiri mwa izo nza tsiku ndi tsiku kuno: kubadwa movutikira mwana nkuchedwa kupuma, chikasu cha akhanda, matenda oumitsa khosi, kupinimbira, ndi malungo ofika ku ubongo. Kafukufuku wa za umoyo wa 2022 mpaka 2023 anaonetsa kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Za malungo, umboni womveka bwino unachokera kutsidya kwa malire. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akatswiri anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'chaka cha 2010 zinaonetsa kuti pafupi-fupi mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi bvuto, kaya khunyu, kaya kufooka kwa ziwalo, kaya kusintha kwa khalidwe. Udzudzu wa ku Mwanza ndi wa ku Zóbuè ndi umodzi. Mwana akatsitsimuka pa bedi la chipatala aliyense amakondwa ndipo kalata yotulukira imalembedwa, koma bvuto limaonekera patapita miyezi, banja lili kale kumudzi.

ZIDA ZILIPO, KOMA ZILI PADERA-PADERA

Sizoona kuti chigawo chino chilibe kalikonse. Mwa malo atatu otchedwa CREI amene boma linakhazikitsa kuti athandize maphunziro a ana olumala, amodzi ali mumzinda wa Tete, ena ku Macia m'chigawo cha Gaza ndi ena ku Nampula. Yunivesite ya Zambeze ili ndi nthambi yake ya za umoyo ku Tete, kumene kumaphunzira madokotala. Yunivesite ya Púnguè, imene inabadwa m'chaka cha 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa, imaphunzitsa aphunzitsi mumzinda womwewu. Kuyambira m'chaka cha 1996 Unduna wa za Umoyo wakhala ukutumiza ma técnico de psiquiatria m'maboma, njira imene maiko ena anaitamanda kaamba koti madokotala a nthenda za maganizo ndi owerengeka. Kumidzi kuli ma APE, amene amayenda ndi mankhwala a malungo ndi a kutsekula m'mimba. Ndondomeko ya sukulu zolandira ana onse inayamba m'chaka cha 1998, ndipo pali ndondomeko ina yatsopano ya zaka za 2020 mpaka 2029.

Pa pepala mndandanda umenewu ndi wokhutiritsa. Kwa mai wa ku Dómuè kapena ku Furancungo, amenewa ndi makomo osiyana-siyana, lirilonse ndi mzere wake ndi kalata yake. CREI ya ku Tete inaikidwa kuti itumikire dera lonse la pakati pa dziko, ndiye kuti Tete, Manica, Sofala ndi Zambézia. Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi mtunda woposa makilomita 200, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wosayenda amapita pa msana mpaka pamene pali chapa. Thandizo la INAS limene banja losauka lingalandire linaikidwa m'chaka cha 2018 pa 540 meticais pa mwezi kwa munthu mmodzi, ndalama imene ingathe pa ulendo umodzi wotere, ndipo m'zaka zapitazi malipiro ake akhala akuchedwa miyezi yambiri. Mphunzitsi wa ana 70 m'kalasi akauzidwa kuti alandire mwana wotere amamulandira ndithu, namukhazika kumbuyo. Dzina lili m'kaundula. Mwanayo sanaphunzire kanthu.

Apa ndi pamene funso la mayunivesite limalowa. Dziko limene linayesa njirayi kwa nthawi yaitali ndi Estados Unidos. Pa 31 Okutobala 1963 Pulezidenti John Kennedy, amene mlongo wake Rosemary anali ndi ulumali wa mtundu womwewu, anasaina lamulo lopereka ndalama zomangira malo othandizira anthu otere moyandikana ndi mayunivesite. Malowa tsopano aposa 60, ndipo chigawo chilichonse cha dzikolo chili ndi amodzi kapena kuposa. Ntchito yao ndi kuphunzitsa pamodzi ophunzira a udokotala, a uphunzitsi ndi a chisamaliro cha anthu, kuthandiza mabanja, kuchita kafukufuku, ndi kufalitsa zimene apeza. Chimene chili chofunika kuposa nyumba zao ndi mfundo imodzi ya m'lamulo la chaka cha 2000: malo aliwonse ayenera kukhala ndi komiti yowalangiza imene ambiri mwa mamembala ake ndi olumala eni ake ndi abale ao. Pulofesa amafotokoza mapulani ake pamaso pa makolo.

Palibe amene angayembekezere kuti Tete atengere zonsezo. Ndalama zake palibe, ndipo ngakhale kwa eni akewo zinthu sizili bwino: m'chaka cha 2025 boma la Donald Trump linapempha nyumba ya malamulo kuti ichotse ndalama zapadera za malowa, chaka chomwecho chimene linatseka USAID, bungwe limene linkathira ndalama zochuluka pa za umoyo m'dziko muno. Amene akuyembekeza kuti mlendo adzabwera ndi pulojekiti ndi magalimoto oyera angadikire nthawi yaitali.

Chitsanzo chotsika mtengo chili pafupi. Ku Nampula, Yunivesite ya Lúrio ili ndi ndondomeko yotchedwa "Um Estudante, Uma Família", imene wophunzira wa za umoyo amapatsidwa mabanja a m'midzi yozungulira sukuluyo nkumawayendera pa zaka za maphunziro ake. Ndondomekoyi sinapangidwire olumala okha, koma ikuonetsa kuti yunivesite ya boma ya m'dziko muno ingathe kuika ntchito ya kumudzi m'kati mwa maphunziro eni-eni, yokhala ndi malikisi ake, osati ngati ulendo wa tsiku limodzi wokajambulitsa. Wophunzira amene wayendera nyumba imodzi zaka zitatu amafika podziwa kuti kuseri kuli mwana. Wobwera kamodzi ndi pepala la mafunso sauzidwa.

MWAI WA CHIYANKHULO

Pali mwai wina umene maboma a kumpoto kwa chigawo chino ali nao ndipo zigawo zina zilibe. M'chaka cha 2010 Dr. Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT, chimene chinapangidwa ndi kuyesedwa m'midzi ya ku Malawi. Chimayeza mwana kuyambira pobadwa mpaka zaka zisanu ndi chimodzi m'mbali zinayi: kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kayankhulidwe, ndi kakhalidwe pakati pa anzake. Chinapangidwa chifukwa mayeso a ku Ulaya amafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo, monga kukwera masitepe kapena kudya ndi foloko, ndipo mwana wabwino-bwino amaoneka ngati wotsalira. Mwana wa ku Tsangano amakula m'chiyankhulo ndi m'makhalidwe ofanana ndi a mwana wa ku Ntcheu. Chida chimene ku Inhambane chingafunike kumasuliridwa ndi kuyesedwanso, ku Angónia, Macanga ndi Chifunde chingagwire ntchito posintha pang'ono chabe.

Chimodzi-modzinso ndi maphunziro a makolo amene OMS inakonza mogwirizana ndi bungwe la Autism Speaks. Ndi misonkhano isanu ndi inayi ya pagulu ndi maulendo atatu a kunyumba, ndipo wotsogolera sayenera kukhala dokotala. Kholo limaphunzira kugwiritsa ntchito nthawi yosamba, yodya ndi yosewera pophunzitsa mwana kupempha chimene akufuna, kuvala, ndi kudzidyetsa. Mayunivesite a ku Ethiopia ndi ku Kenya anaiyesa kale njirayi m'midzi. Siichiritsa, ndipo ndi bwino makolo auzidwe zimenezi tsiku loyamba, popeza ambiri atha kale mbuzi ndi nkhuku kwa asing'anga ndi kwa aneneri olonjeza machiritso. Koma mwana amene waphunzira kuloza madzi m'malo mokuwa wamasula mai wake kuti apite kumunda.

Chigawo chino chinayambapo kale zinthu za mtundu umenewu. Pakati pa 1993 ndi 1997, pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo za makolo ao, zigawo zimene zinasankhidwa zinali Gaza ndi Tete, ndipo kuno chiyankhulo chake chinali Chinyanja. Phunziro la nthawi imeneyo limakhudza mwana wochedwa kukula kuposa wina aliyense. Ngati mwana wanzeru amavutika kuyamba sukulu m'Chipwitikizi chimene sanachimvepo kwao, nanga amene mau ake onse ndi khumi okha?

Pali zifukwa zomveka zokayikira. Ophunzira amabwera ndi kupita, ndipo ambiri akalandira digiri amalunjika ku Maputo, ku Beira kapena ku makampani a malasha a ku Moatize. Midzi yambiri inatopa ndi ofufuza amene amalemba maina, natenga zithunzi, osabweranso. Ndiponso pali ngozi yeni-yeni pa kupeza ana popanda chowapatsa: kuuza mai kuti mwana wake ali ndi bvuto, kenaka nkumusiya, ndi kumuonjezera katundu. Choncho kuyeza ana sikuyenera kutsogola. Kuyenera kuyendera limodzi ndi gulu la makolo, ndi mankhwala a khunyu osasowa pa centro de saúde, ndi mphunzitsi mmodzi pa sukulu amene waphunzitsidwa chochita. Wophunzira akachoka, otsala ndi APE, mphunzitsi, mfumu, ndi amai a mumpingo, ndipo ndiwo ayenera kusiyiridwa luso. Mau a mfumu pa maliro kapena pa bwalo, onena kuti mwana wa uje anadwala malungo ndipo sanakhwimiridwe, amachita zimene chikalata cha ku Maputo sichingachite.

Mbali imene ikuiwalika kotheratu ndi ya akulu. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 linaika sukulu yokakamiza mpaka kalasi 9, ndipo nkhani zambiri za olumala zimathera pa msinkhu umenewo. Koma mwana wa síndrome de Down amakula, amafika zaka 30 kapena 40, ndipo amene amamusamala ndi mai wokalamba kapena agogo. Atsikana otere ndiwo amagwiriridwa kawiri-kawiri, kaamba koti wolakwa amadziwa kuti umboni wao sudzamveka pa bwalo. Ambiri mwa anthuwa angathe kuweta nkhuku, kuthirira dimba kapena kusankha mbewu ngati wina atawaphunzitsa pang'ono-pang'ono, ndipo Yunivesite ya Zambeze ili ndi nthambi ya za ulimi ku Ulónguè komweko, pakati pa midzi imene anthuwa akukhala.

Zoyamba kuchita sizifuna nyumba yatsopano. Zifuna kuti akulu a mayunivesite awiriwa, a CREI, ndi a za umoyo, maphunziro ndi chisamaliro cha anthu m'chigawo asankhe boma limodzi, agwirizane za amene adzalipire mafuta ndi amene adzayang'anire ophunzira, ndipo pa tebulo pomwepo pakhale makolo okhala ndi voti, olipiridwa ndalama ya chapa yobwerera kwao.