Kalata Yotseguka kwa Mlembi Wamkulu wa Boma pa za Mwambo Woona Nkhope

Kwa Mlembi Wamkulu mu Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna,
Capital Hill, Lilongwe.

Kugoneka thupi la mtsogoleri pamalo a boma kuti anthu adzaone nkhope ndi ulemu womaliza umene dziko limapereka kwa munthu amene analitumikira. Bokosi amalikuta ndi mbendera, asilikali amaima m'mbali mwake atazyolika, ndipo anthu amadutsa pamzere mmodzimmodzi, wa suti ndi wa zigamba yemwe. Maonekedwe amenewa anachokera ku Britain, kumene mafumu amagonekedwa mu Westminster Hall. Thupi la Mfumukazi Elizabeth II linakhala m'menemo kuyambira pa 14 mpaka pa 19 Seputembala 2022, khomo lili chitsegukire usana ndi usiku.

Kuona nkhope kwenikweniko Amalawi anali nako kale. Pamudzi, mfumu ikalengeza zovuta, masamba amayalidwa pamsewu, amayi amagona m'siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amalawirira kumanda. Bokosi lisanakhomedwe, mwini mbumba amaitana anthu gulu ndi gulu, ndipo aliyense amadziwa nthawi yake. Dongosolo limeneli silisintha chifukwa choti malemuyo ankakangana ndi mfumu. Pa maliro a boma zinthu zakhala zikuyenda mwina, ndipo ofesi ya a Mlembi ikudziwa bwino, poti zikalata zonse zolengeza maliro otere zimatuluka m'menemo.

Mbiri yake ikuyamba ndi anthu amene anamanidwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Abale analandira mabokosi okhomakhoma, analetsedwa kutsegula, ndipo maliro anaikidwa mwakachetechete apolisi akuyang'anira. A Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 ndipo anali nduna yoyamba ya zachilungamo, anafera m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992. Akazi awo, Mayi Vera Chirwa, anali m'ndende ndipo sanaloledwe kukaika amuna awo.

Ngwazi Kamuzu Banda anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Boma la a Bakili Muluzi, lomwe linawazenga mlandu wa ku Mwanza uja mu 1995 iwo n'kupambana, linawachitira maliro a boma, ndipo anaikidwa ku Lilongwe pa 3 Disembala. Chiliza choyenera chinadikira mpaka pa 14 Meyi 2006, boma litasintha. A Chakufwa Chihana, amene anamwalira mu Juni chaka chomwecho, anagonekedwa pamanda a ngwazi ku Mzuzu, kumenenso anaikidwa Mayi Rose Chibambo mu 2016. Ena amene anamenyera ufulu womwewo anakaikidwa kumudzi kwawo, boma litangotumiza nduna ndi chipepeso. Muyezo umene unasiyanitsa awa ndi awo sunaikidwepo poyera.

Mu 2012 chinavuta chinali kunena zoona. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo, monga anatsimikizira bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Jaji Elton Singini. Komabe anawakweza ndege kupita ku South Africa ngati wodwala, ndipo usiku wa pa 6 Epulo nduna zinaonekera pa kanema wa boma osatchula za imfa. Dziko linauzidwa pa 7 Epulo. Pambuyo pake chinthu chimodzi chinachitika bwino: thupi linagonekedwa ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre lisanakaikidwe ku Ndata m'boma la Thyolo pa 23 Epulo. Zigawo zonse zitatu zinapatsidwa mpata wotsanzikana ndi mtsogoleri wawo.

Phunziro limenelo linali litatayika pofika Juni 2024, ndipo apa ndi pamene pagona dandaulo lalikulu la kalatayi. Lolemba pa 10 Juni ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, itanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, kuphatikizapo Mayi Shanil Dzimbiri. Anali paulendo wokakhuza maliro a loya Ralph Kasambara. Zibenthu za ndegeyo zinapezeka pa 11 Juni, onse atatisiya. Boma linalengeza masiku 21 okhuza. Mwa masiku 21 amenewo, anthu wamba anapatsidwa maola ochepa chabe, mumzinda umodzi. Loweruka pa 15 Juni thupi linagonekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Lamulungu pa 16 mwambo unachitikira pa Bingu National Stadium, pamene khamu linakuwiza akuluakulu a boma mpaka ansembe anachita kulowererapo. Madzulo a tsiku lomwelo mdipiti wa galimoto unanyamuka ulendo wa ku Nsipe, mtunda wa makilomita oposa 150 pamsewu wa M1, kuti maliro akaikidwe Lolemba pa 17.

Munthu aliyense wodziwa msewu umenewu akanatha kulosera zimene zikanachitika. Umadutsa pa Nathenje, pa Linthipe, pa Dedza, pa Lizulu, misika yodzaza anthu ngakhale tsiku wamba. Malemuyo anali mwana wa ku Ntcheu, wa zaka 51, wokondedwa ndi achinyamata, ndipo imfa yawo inali itadzutsa mafunso amene anali asanayankhidwe. Anthu anaima m'mbali mwa msewu kuyambira masana mpaka mdima, amayi atabereka ana, ena atanyamula makandulo. Sanakonzeredwe malo oti mdipiti uime iwo aone ngakhale bokosi lokha. M'madera ena anatseka msewu, miyala inauluka, ndipo usiku womwewo m'boma la Ntcheu galimoto ina ya mumdipitiwo inalowa m'khamu. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo mayi woyembekezera, ndipo ena 12 anavulala.

Anthu anayi amenewa anafa chifukwa chofuna kuona nkhope. Iwo sanakutidwe mbendera, mfuti sizinaombedwe pamanda awo, ndipo mayina awo sali pachipilala chilichonse. Amene anakonza mwambowo anakumbukira mipando ya alendo olemekezeka, matenti, nkhata zamaluwa ndi mndandanda wa olankhula, zonse mwaluso ndithu. Chimene chinawapulumuka ndi anthu eniake a maliro. Mzuzu sinaone thupi, Blantyre sinaone, Zomba sinaone, pomwe zaka 12 m'mbuyomo boma la nthawiyo linakwanitsa kuzungulira zigawo zonse, pa nthawi imene dziko linali pa mizere ya mafuta.

Gwero la zonsezi ndi limodzi. Kalata zolengeza maliro a boma zimangonena kuti Pulezidenti walamula. Mmalawi sanaonetsedwepo chikalata chofotokoza woyenera maliro a boma, woyenera ulemu wa asilikali, masiku amene thupi ligonekedwe, malo ake, ndi malire a ndalama za misonkho zimene ziwonongedwe. Ulemu wodalira mtima wa munthu mmodzi umasanduka mphotho ya okondedwa ndi chilango cha otsutsa, ndipo manda amasanduka bwalo la msonkhano wa chipani, nsalu za makaka zikupikisana ndi mbendera ya dziko.

Ku Zambia kuli chenjezo. Dzikolo lili ndi Embassy Park ku Lusaka, kumene agona a Levy Mwanawasa, a Frederick Chiluba, a Michael Sata, a Kenneth Kaunda ndi a Rupiah Banda. Ngakhale zili choncho, a Edgar Lungu atamwalira ku Pretoria pa 5 Juni 2025, boma ndi banja anakokanakokana mpaka m'makhoti a ku South Africa, thupi likudikira miyezi yambiri. Malawi ali ndi atsogoleri opuma ndi ngwazi zokalamba, ndipo mkangano wotere sungamudabwitse.

Zopempha n'zosavuta kwa ofesi imene ili ndi maloya ndi alembi ochuluka chotere. Ndondomeko ilembedwe, ipite ku Nyumba ya Malamulo, isindikizidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Itchule maudindo oyenera mwambowu mosayang'ana chipani, ndiponso njira yoganizira aphunzitsi, oimba, madokotala ndi mafumu amene anatumikira dziko kunja kwa ndale. Inene mawu a banja pamene ayambira ndi pamene alekezera. Ilamule kuti thupi ligonekedwe m'zigawo zonse, mdipiti uziyenda masana, malo oimapo alengezedwe pa wailesi, ndipo ndalama zonse zowonongedwa zifotokozedwe poyera maliro akatha. Mabanja anayi a ku Ntcheu aja akumbukiridwe ndi boma limene mdipiti wake unawasandutsa anamfedwa. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, koma anthu amene amalipira bokosi, ndege, matenti ndi mafuta a mdipiti akhala akuimitsidwa kunja kwa mpanda kuyambira 1983, ndipo palibe boma ngakhale limodzi limene laona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuikhalira pansi.

Nzika yokhudzidwa