Galimoto ya zitseko ziwiri ndi yokongola, koma si yoyambira

Ndiyambe ndi kuulula: nanenso ndimaifuna. Usiku ndisanagone ndimatsegula foni n'kumayang'ana zithunzi za Toyota 86 yofiira pa intaneti, kumene makampani a ku Japan amatsatsa galimoto zimene zinayendapo kale. Papita zaka zitatu tsopano ndikuponya kangachepe ku akaunti mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene ndalamazo zidzakwane ndidzafunika kusankha. Choncho musaone ngati ndakwera pachulu kuti ndilalikire achinyamata anzanga. Ndikudzilangiza ndekha, inu mukungomvera nawo.

Funso lake ndi ili: kodi wachinyamata amene wangoyamba ntchito, laisensi ikadali yatsopano m'thumba, agule galimoto yothamanga ya zitseko ziwiri, ija amati coupe, kukhala galimoto yake yoyamba? Ine ndikuti ayi, ngakhale mtima wanga ukukana kumva.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wina amene tinali naye kalasi imodzi ku koleji. Iye anapeza ntchito yabwinoko msanga, ndipo chaka chatha anaitanitsa galimoto yotereyi. Tsiku limene inafika tinasonkhana ngati pali chinkhoswe. Injini ikalira, ana a m'dera lonse ankathamangira kumsewu. Ndinachita nsanje, sindibisa.

Patangotha miyezi inayi, mayi ake anadwala mwadzidzidzi pakati pa usiku. Galimoto inali panja pomwepo, mafuta alimo. Koma mayi amene akulephera kuima okha simungawapinde kuti alowe kumpando wakumbuyo kudzera pakampata ka kuseri kwa mpando wakutsogolo. Kuwakhazika kutsogolo, ndiye kuti wowagwirizira alibe pokhala pabwino. Anathamanga kukagogoda kwa aneba amene ali ndi Sienta yakale yothothoka penti, ndipo ndi imeneyo inawafikitsa kuchipatala. Mayiwo anachira, tithokoze Mulungu. Koma m'mawa mwake mnzangayo anandiuza mawu amene sindinaiwale: "Aise, usiku wa dzulo ndinali ndi galimoto koma ndinalibe galimoto."

Apa ndiye pagona nkhani. Kuno kwathu galimoto yoyamba ya mwana sikhala yake yekha. Tsiku limene mwaiimika pakhomo, yasanduka ambulansi ya banja lonse. Ndi yomweyo idzanyamule azakhali kupita kumaliro, idzabweretse thumba la chimanga kuchokera kumudzi, idzakasiye mng'ono wanu kusukulu yogonera komweko ndi matiresi ake. Mukhoza kunena kuti umenewu ndi mtolo wosayenera kusenzetsa wachinyamata, ndipo mwina muli ndi mfundo. Koma foni ikalira 2 koloko usiku, simudzayankha ndi mfundo. Nissan 350Z ili ndi mipando iwiri basi. Toyota 86 ili nayo inayi papepala, koma iwiri yakumbuyoyo munthu wamkulu akakhalapo mawondo amagunda mpando wakutsogolo asanatuluke n'komwe pageti.

Tsopano tikambe za ndalama, chifukwa ambiri timakopeka ndi mtengo umene timauona pa foni. Mtengo umenewo ndi woyambira chabe. Galimoto iyenera kukwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, ilipiridwe padoko, wina aiyendetse mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, kenako mukumane ndi a MRA. Msonkho wa galimoto umayendera kukula kwa injini komanso zaka zimene galimotoyo yakhala. Ndiye taonani: galimoto zothamangazi zimakhala ndi injini zazikulu, ndipo zimene thumba la wachinyamata lingafikire ndi zakale. Mbali zonse ziwiri zikukulumani. Vitz imabwera ndi injini ya malita 1.0 kapena 1.3, Daihatsu Mira ndi 660cc yokha, pamene Toyota 86 ndi malita 2.0 ndipo 350Z ndi malita 3.5. Mukadutsa pamenepo pali kulembetsa, COF ndi inshuwalansi. Ya third party ndi yokakamiza mwalamulo, koma imalipira amene mwamugunda, yanuyo mukonza nokha.

Komanso tisaiwale kuti galimoto ndi masipeya ake timagula ndi madola pamene malipiro timalandira makwacha. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi galimoto yofuna sipeya yochita kuitanitsa kunja anadzuka m'mawa n'kupeza kuti mtengo wakwera iye ali mtulo, malipiro ali pomwepo.

Nkhani ya masipeya ndi imene inamaliza mnzanga uja. Tsiku lina mvula itagwa analowa m'dzenje limene silinkaoneka chifukwa cha madzi, n'kuthyola chitsulo china cha kutsogolo. Anazungulira ku Biwi konse osachipeza. Anaimbira anthu ku Ndirande, nakonso kunalibe. Galimoto inakhala pamiyala milungu 7 kudikira kuti chitsulocho chifike kuchokera kunja, mwini wake akukwera kabaza kupita kuntchito uku akubweza ngongole ya galimoto yomweyo. Ikanakhala Vitz, Axio, Passo kapena Nissan Note, bwenzi atakonzetsa tsiku lomwelo, chifukwa galimoto zimenezi zadzaza m'misewu ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo anaitsegulapo kambirimbiri. Galimoto yosowa, makaniko amaphunzirira pa yanuyo, ndipo fizi yake mumalipira ndinu.

Ndisanamizire galimotozi kuti n'zoipa. Zinapangidwa bwino, koma zinapangidwira misewu ina ndi matumba ena. Toyota 86, imene Toyota anapanga mogwirizana ndi Subaru n'kuitulutsa mu 2012, mimba yake imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 13 okha. Pa phula losalala zimenezi n'zabwino, galimoto imagwira msewu pokhota. Koma taganizirani mahampu a m'matauni mwathu, ena ochita kuumbidwa ndi anthu a m'dera, ndi misewu yafumbi ya m'makwalala imene imasanduka mitsinje mu January. Matayala ake ndi opyapyala m'mbali, ndiye dzenje limodzi likhoza kuphulitsa tayala n'kupindanso limu. Injini yake opanga amalimbikitsa petulo wa octane wokwera, koma ife pothira mafuta sitichita kusankha. Timathira amene tamupeza, nthawi zina titagona pamzere.

Zina zimene zimaoneka zotchipa ndiye zimafunika kusamala kwambiri. Mazda RX-8 anasiya kuipanga mu 2012, ndipo injini yake ya rotary ndi yosiyana ndi zimene amakaniko athu anazolowera. Imadya oyilo mwadala chifukwa ndi mmene anaipangira, imamwa petulo kwambiri, ndipo mukaizimitsa isanatenthe ikhoza kukana kuliranso. Toyota Celica yomaliza inatuluka mufakitale mu 2006, kutanthauza kuti ngakhale itawala chotani pachithunzi, mapaipi, mabushi ndi mawaya ake ndi okalamba. Onjezerani kuti amene amagula galimoto zothamanga sagulira kupita nazo kutchalitchi pang'onopang'ono. Mwini wake woyamba anaithamangitsa, wachiwiri anaisintha zitsulo, inu ndinu wachitatu kapena wachinayi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma chimene chimandiopsa kuposa ndalama ndi moyo. Bungwe la World Health Organization limanena kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Amenewo ndife. Laisensi imangosonyeza kuti mwakhoza mayeso, luso lenileni limabwera ndi makilomita. Chaka choyamba aliyense amalakwitsa: kupitirira pamalo osayenera, kuponda buleki mochedwa, kulowa pakona ndi liwiro. Mukalakwitsa muli m'kagalimoto kofooka, nthawi zambiri mumapulumuka ndi mantha okha. Galimoto yamphamvu imakufikitsani pa liwiro loopsa musanazindikire.

Zambiri mwa galimoto zothamangazi, monga 86, RX-8 ndi 350Z, mphamvu ya injini imapita kumatayala akumbuyo. Mukaponda mafuta mwamphamvu pakona msewu uli wonyowa kapena pali mchenga, kumbuyo kumatha kuterera n'kuyamba kutsogola. Wozolowera amadziwa chochita ndi chiwongolero, ndipo ena amagulira zomwezo. Wongoyamba kumene amachita mantha n'kulakwitsa kachiwiri. N'zoona kuti zatsopanoko zili ndi makompyuta othandiza kuti galimoto isaterere, koma kompyuta singasinthe matayala otha amene mwalephera kugula chifukwa ndalama zonse zinathera kumsonkho. Ndipo msewu wa M1 si bwalo la mpikisano. M'mbali mwake muli ana a sukulu, njinga zonyamula makala, mbuzi, ndi misika imene inafika mpaka paphula.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anene, chifukwa nanenso ndimadziuza zomwezo. Ndalama ndi zanga, ndinavutikira ndekha. Unyamata subwera kawiri, ndipo ngati pali nthawi yoyendera galimoto ya zitseko ziwiri ndi inoyi, ana asanabwere. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo sindigwirizana ndi akuluakulu amene amaona wachinyamata aliyense wokonda galimoto yokongola ngati wosokonekera mutu. Kukonda chinthu chopangidwa mwaluso si tchimo. Palinso zina zofatsirapo, monga Honda CR-Z, ya injini ya malita 1.5 yothandizidwa ndi batire, imene simwa mafuta kwambiri ndipo imakokera kumatayala akutsogolo. Koma nayonso mipando yake yakumbuyo ndi ya dzina lokha, ndipo batire lake likatopa muyamba ulendo womwe uja wofunafuna.

Choncho sindikunena kuti musadzaigule mpaka kalekale. Ndikunena za kuyambira. Ngati pakhomo panu pali kale galimoto ina yonyamula banja, ngati mwayendetsa zaka ziwiri kapena zitatu popanda kugunda, ngati mutagula mungatsale ndi ndalama zokwanira matayala anayi atsopano ndi inshuwalansi ya comprehensive, ndiponso ngati mukudziwa makaniko amene anaikonzapo galimoto ya mtundu umenewo, gulani, ndipo mudzandipatseko lifiti. Koma ngati kugula kwake kukutanthauza kupukuta akaunti yonse n'kuwonjezera ngongole ya kuntchito kapena ya banki m'khonde, dziwani kuti mukugula nkhawa ya zitseko ziwiri.

Tivomerezenso chinthu chimodzi chimene sitikonda kunena. Ambirife chimene tikufuna pagalimoto yotereyi ndi maso a anthu: chithunzi cha pa Facebook, anzathu a kusukulu aone kuti zinatheka, uja anatikana adziwe kuti analakwitsa. Koma maso a anthu sachedwa kuzolowera. Pakatha mwezi palibenso amene amatembenuka, mwatsala nokha ndi geji ya mafuta. Galimoto yoyamba ntchito yake ndi kukuphunzitsani. Mudzaikanda pageti, mudzagunda nayo chitsa pobwerera m'mbuyo, mudzaiwala kuona oyilo. Maphunziro amenewa ndi bwino kuwachitira pagalimoto imene bampala yake mungaipeze ku Biwi masana omwewo pamtengo woti simulira.

Mnzanga uja anaika galimoto yake pamsika miyezi itatu yapitayo. Obwera kudzaiona ndi ambiri, amajambulitsa nayo, amapempha kuti ailize amve, kenako amati aimbanso. Mpaka lero ili pakhomo. Aneba ake aja akanati agulitse Sienta yawo yothothoka penti, ndikhulupirira sikanatha sabata.

Ine ndasankha. Ndalama zanga zikakwana ndigula kagalimoto ka zitseko zinayi, kosachititsa kaso, koti mayi anga akhoza kulowa osapinda msana. Chithunzi cha 86 yofiira ija sindichifufuta mufoni. Chikhale momwemo, chizindikumbutsa kudzuka m'mawa kupita kuntchito. Ikadzabwera idzakhale yachiwiri, ndili ndi luso pachiwongolero komanso kenakake kotsala ku akaunti.